Kukhala tcheru m'njira ya Chibuda: mmene mungayambire pakhomo, pamsewu ndi pantchito

Ambiri amene amayesa zimenezi amasiya sabata isanathe. Munthu waonera kavidiyo pa foni, wamva kuti mindfulness, kutanthauza kukhala tcheru, imachepetsa nkhawa, wakhala pansi n'kutseka maso kuti mutu ukhale zii. Mphindi ziwiri zisanakwane ali kale pa nkhani ya lendi, kenako fizi ya mwana, kenako mawu amene alamu ake analankhula pamaliro chaka chatha. Amadzuka atagwa ulesi, amvekere: "Izi si zanga, mutu wanga sukhala chete." Ena amalimbikira ndithu m'mawa uliwonse, koma akangofika pa depoti kondakitala n'kuwapatsa chenji chopelewera, amalalata monga kale, ndipo amadzifunsa kuti phindu lake lili pati.

Onsewa akulephera chifukwa anauzidwa ntchito yolakwika. Simukufunika kuzimitsa maganizo. Chimene Buddha anaphunzitsa, chomwe m'chinenero cha Pali chimatchedwa sati, ndi kudziwa chimene chikuchitika m'thupi ndi mumtima mwanu pa nthawi imene chikuchitikayo, ndipo mukasochera, kubwerera. Kukhala pansi m'mawa ndi pophunzirira chabe. Ntchito yeniyeni ili pamsika, pamzere, mu ofesi ndi pakhomo, pamene wina wakuputani ndipo pakamwa payamba kuyabwa.

Kwa a Mkhristu ndi a Msilamu amene mukuwerenga: m'malangizo ali m'munsiwa mulibe kupembedza, kugwadira fano kapena kutchula dzina la mulungu wina. Koma sindikubisirani kuti gwero lake ndi Chibuda, ndipo m'chiphunzitsocho kukhala tcheru ndi mfundo yachisanu ndi chiwiri mwa mfundo 8 za njira imene Buddha anaiika. Ngati mtima wanu sukumasuka nazo, funsani kaye kwa amene mumawakhulupirira pa nkhani za chikhulupiriro.

## Zimene mukufunika

- Mpando wolimba wopanda makushoni ofewa, kapena mkeka ndi pilo wolimba. Sofa ayi, imakumezani ndipo mugona.
- Juzi, bulangete kapena chitenje chofunda. Kuno ku Mzuzu m'mawa wa June ndi July si wocheza nawo, ndipo munthu amene akunjenjemera sangatsatire mpweya wake.
- Foni kapena wotchi yokhala ndi alamu. Ikani kulira kofatsa, ndipo zimitsani intaneti musanayambe.
- Kope laling'ono ndi cholembera.
- Mphindi 5 zokha patsiku pa masabata awiri oyamba.

Simukufunika lubani, kandulo, nyimbo kapena pulogalamu ya pa foni yolipira. Bandulo yanu isungeni.

Chenjezo lisanapite patali: kukazizira musatsekere mbaula yamakala m'chipinda kuti mufunde pamene mwakhala chete. Utsi wa makala wosaoneka uja umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo mungauyese mtendere wa mumtima pamene ukukumalizani. Fundani bulangete, mbaula ikhale panja.

## Gawo loyamba: kukhala pansi

1. Kolekani nthawiyi pa chinthu chimene mumachita kale. Musanene kuti "ndizichita m'mawa", chifukwa m'mawa ndi waukulu ndipo uli ndi eni ake. Nenani kuti "ndikangotsuka mkamwa" kapena "ndikangoteleka madzi osamba". Madzi akamatentha muli nazo mphindi zanu, palibe amene angakunenereni kuti mukuwononga nthawi. Ogwira ntchito usiku, monga anamwino ndi alonda, sankhani nthawi imene mwadzuka, osati pamene mwangoweruka. Thupi lotopa likapeza bata limangogona.

2. Khalani mowongoka koma mosaumirira. Pampando, mapazi onse apondetseni pansi, msana usatsamire kwambiri, manja pantchafu. Pamkeka, khalirani pilo kuti chiuno chikwere pang'ono kuposa mawondo, apo ayi msana upindika pakangopita mphindi zitatu. Chibwano chitsike pang'ono. Maso mutha kutseka, kapena kuwasiya otseguka pang'ono akuyang'ana pansi chapatsogolo panu. Musakakamize miyendo kupingasa ngati zithunzi za pa intaneti. Bondo likavulala simupindula kanthu.

3. Pezani pamene mpweya ukumveka bwino. Pali malo awiri amene aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito: pamphuno, pomwe mpweya umakhudza polowa ndi potuluka, kapena pamimba, pomwe pamatukuka ndi kuphwa. Njira ya pamimba inafalitsidwa kwambiri ndi Mahasi Sayadaw, mmonke wa ku Burma amene anamwalira mu 1982, ndipo kwa oyamba kumene ndiyo ndimaiona yosavuta, makamaka nyengo ya chimfine pamene mphuno zatsekeka. Ikani dzanja pamchombo masiku oyamba ngati simukumva kanthu. Sankhani malo amodzi, musamasinthesinthe.

Apa ndi pamene ambiri amayamba kupuma mokokomeza, kukoka mpweya wambiri ngati ali kuchipatala akuyezedwa chifuwa. Mutu umayamba kuzungulira. Lekani mpweya uziyenda wokha. Malangizo akale amangonena kuti mpweya ukakhala wautali dziwani kuti ndi wautali, ukakhala waufupi dziwani kuti ndi waufupi. Sanena kuti muutalikitse.

4. Werengani. Mpweya ukalowa n'kutuluka, nenani chamumtima "wani" kapena "modzi", mmene mwazolowera. Pitirizani mpaka 10, kenako yambiraninso. Buku lakale la Visuddhimagga, limene Buddhaghosa analemba ku Sri Lanka, limalangiza kuti musalekezere pansi pa 5 komanso musapyole 10. Chifukwa chake n'chomveka: mukawerenga pang'ono maganizo amapanikizika, mukapitirira amayamba kuthamangitsa manambala m'malo mwa mpweya. Mukadzidzimuka muli pa 17, dziwani kuti munachoka kalekale.

5. Mukasochera, tchulani kumene munali, n'kubwerera. Iyi ndiyo mfundo imene njira yonse yatsamirapo, choncho tiyeni tiikhalire pang'ono.

Mudzasochera. Mwina pa 3, mwina pa 2. Mudzapezeka muli ku Zigwagwa mukutsutsana mtengo wa tomato ndi mayi amene munakangana naye dzulo, kapena mukukonza mawu amene mudzawauze abwana. Pamene mwazindikira kuti mwachoka, pamenepo ndiye mwakhala tcheru. Kamphindi kameneko ndi kamene mukukaphunzitsa. Munthu amene wasochera ka 20 n'kubwerera ka 20 waphunzira kuposa amene wangokhala ndwii osadziwa kuti ali kuti.

Chitani motere. Patsani dzina lalifupi chinthu chimene chinakutengani: "kuganiza", "kukonza za mawa", "kukumbukira", "kumva phokoso", "kuyabwa". Dzina limodzi, chamumtima, mopanda mkwiyo. Kenako bwererani pamimba n'kuyambira pa 1. Musafufuze kuti maganizowo achokera kuti, musawatsutse, musawamalize. Muwabweze mmene mumabwezera mwana wokwawa amene akulunjika pamoto: mumamunyamula n'kumukhazika pamkeka, akapitanso mumamunyamulanso, ndipo simumumenya chifukwa chokwawa.

Phokoso nalo si mdani. Tambala wa aneba, wailesi, njinga zamoto, ana opita kusukulu, mvula padenga la malata, zonsezo tchulani kuti "kumva" n'kubwerera. Amene amadikira kuti m'Chibavi kapena m'Mchengautuwa mukhale chete kaye adzadikira mpaka kalekale.

Thupi likayabwa kapena mwendo ukachita dzanzi, musathamangire kukanda. Yang'anani kaye kuyabwako kwa mpweya utatu: kuli pati kwenikweni, kukukula kapena kukuchepa? Nthawi zambiri kumasintha kokha. Koma ululu wakuthwa wa m'bondo kapena m'msana si wopirira. Sunthani pang'onopang'ono, mukudziwa kuti mukusuntha.

6. Alamu ikalira musadumphe. Pumani kamodzi, tsegulani maso, imirirani mukumva mapazi. Lembani m'kope mzere umodzi: tsiku, mphindi, ndi chimene chinakutengani kwambiri. Pakatha masabata awiri mukawerenga kopelo mudzaona kuti nkhani zimene zimakusowetsani mtendere ndi ziwiri kapena zitatu zokha, zimangosintha malaya. Kuchoka pamenepo onjezerani nthawi kufika mphindi 10, kenako 15 kapena 20 ngati moyo ukulola.

## Gawo lachiwiri: kutuluka nazo panja

M'chiphunzitso chotchedwa Satipatthana Sutta, Buddha sananene za kukhala pansi kokha. Anatchula kuyenda, kuimirira, kukhala ndi kugona, kudya, kumwa, kutafuna, kuvala, kulankhula, kukhala chete, ngakhale kupita kuchimbudzi. Palibe ntchito imene inasiyidwa kuti ndi yonyozeka.

7. Sankhani ntchito imodzi ya pakhomo. Imodzi yokha, ya tsiku ndi tsiku. Kutsuka mbale, kusesa, kusita, kupolisha nsapato, kuphika nsima. Tiyerekeze mwasankha nsima. Foni ikhale kuchipinda. Imvani kulemera kwa mthiko, kutentha kumene kukufika pankhope, mmene phala likulimbira mukamathira ufa, fungo limene limasintha ikayamba kupsa, paphewa pamene payamba kutopa povundula. Maganizo akathawira ku ngongole ya ku banki mkhonde, tchulani "kuganiza" n'kubwerera ku mthiko. Ndi zomwe zija za m'mawa, kungoti m'malo mwa mimba mwaika dzanja.

Osachedwetsa ntchito dala. Ena akamva zimenezi amayamba kutsuka mbale imodzi kwa mphindi zisanu, ndipo apabanja amayamba kuda nkhawa. Gwirani pa liwiro lanu la nthawi zonse. Ndipo musanene kuti kuyambira lero ndikhala tcheru tsiku lonse. Palibe woyamba amene angathe, ndipo pofika 10 koloko mudzakhala mutaiwala n'kudziona wolephera.

8. Sandutsani kachigawo ka ulendo wanu kukhala pophunzirira. Ngati mumayenda pansi kuchoka ku Chiputula kapena ku Katawa kupita m'tauni, sankhani kamtunda kodziwika, mwachitsanzo kuchoka pa mpopi wa m'dera lanu kufika pamsewu wa tala. Pa kamtundako ikani chidwi pa mapazi: kunyamula, kuponda, kunyamula, kuponda. Maso akhale otseguka, makutu opanda mahedifoni. Nyengo ya mvula njira zathu zimaterera, ndipo mudzaona kuti thupi limadziwa lokha kuponda mosamala likapatsidwa mpata.

Pamsewu waukulu wa M1, pa maraundabauti ndi m'kati mwa msika, chidwi chanu chikhale pa magalimoto, a sacramento (akabaza a njinga zakapalasa), njinga zamoto ndi thumba lanu. Kumeneko nakonso ndi kukhala tcheru. Woyendetsa galimoto kapena njinga asawerenge mpweya, asatseke maso, angomva manja pa chiwongolero ndi kuona msewu.

9. Gwiritsani ntchito mizere. Tili nayo yokwanira: kubanki kumapeto kwa mwezi, kuchipatala, pogula mafuta, m'minibasi yodikira kudzaza kuti inyamuke kupita ku Nkhata Bay kapena ku Ekwendeni. Dzanja likayamba kulowera m'thumba kukatenga foni, lizindikireni. Pumani katatu mukumva mapazi kapena pamene mwakhalira. Kenako funsani thupi kuti kudikiraku kukumveka pati. Ena nsagwada zimalumana, ena mapewa amakwera, ena m'mimba mumamangika. Masulani pamene mungathe. Mukatero, foni itengeni ngati mukuifunabe.

Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anamwalira mu 2022, ankaphunzitsa anthu kuti foni ikalira azipuma kaye asanayankhe. Yesani ndi mauthenga a WhatsApp: ikalira, mpweya umodzi, kenako tsegulani. Magetsi akazima, chimodzimodzi, mpweya umodzi musanatulutse mawu amene mumatulutsa aja.

10. Gwirani kamphindi ka pakati pa kumva ndi kuyankha. Ngati pali chifukwa chochitira zonse zili pamwambazi, ndi chimenechi.

Chibuda chimaphunzitsa kuti chilichonse chimene chafika m'maso, m'makutu, pathupi kapena m'maganizo chimabwera ndi kakomedwe kake: chokoma, chowawa, kapena chapakatikati. Kakomedweka kamafika msanga, nkhani isanayambe. Chokoma timachikakamira, chowawa timachikankha, chapakatikati sitichiona n'komwe. Zonse zimachitika mothamanga moti timangozindikira titatumiza kale uthenga.

Tiyeni tione pafupi. Muli pantchito, foni yalira. Ndi gulu la banja, ndipo msuweni walemba kuti ena a m'tauni amangodziwa kudya okha, ndalama ya chipatala ya agogo sanatumize. Dzina lanu sanatchule, koma aliyense akudziwa. Chimachitika choyamba si ganizo. Pachifuwa pamatentha, kukhosi kumauma, zala zimafulumira. Kenako nkhani imayamba: chaka chatha ndinalipira ndekha, iyeyu sanaperekepo kalikonse, amandiona ngati banki. Mphindi imodzi yokha, mwalemba kale ndime zitatu.

Njira yake ndi iyi. Ikani foni chafufumimba patebulo. Tchulani chamumtima: "chowawa". Pezani pamene chili m'thupi n'kukhala nacho kwa mpweya 10, osachikankha, osachithira nkhani. Nkhani ikabwera, ndipo ibwera, tchulani "kuganiza" n'kubwerera pa kutentha kwa pachifuwa kuja. Mudzaona kuti sikukhala chimodzimodzi: kumakwera, kumagwedezeka, kumayamba kutsika. Kukatsika ndiye funsani kuti nkhaniyi ikufuna yankho lanji, ndipo ikufuna lero kapena mawa, pagulu kapena pa foni ya awiri.

Buddha anayerekeza zimenezi ndi munthu wolasidwa mivi iwiri. Muvi woyamba ndi ululu umene wafika, umene sitingaupewe. Wachiwiri ndi umene timadzibaya tokha podandaula, kubwereza nkhani ndi kudzizunza. Mawu a msuweni ndi muvi woyamba. Kugona usiku wonse mukuyankhana naye m'mutu ndi wachiwiri.

Musamve molakwa. Izi sizikutanthauza kumeza chilichonse. Ngati kondakitala wakuberani, itanitsani chenji chanu. Ngati abwana akukupondererani, nkhaniyo ipite koyenera. Kusiyana kwake n'kwakuti mukulankhula ndinu, osati kutentha kwa pachifuwa. Ndipo masiku ambiri mudzakumbukira njirayi mutalalata kale. Palibe kanthu. Zindikirani pamenepo, imvani mmene thupi lilili mkwiyo ukadutsa. Pang'ono ndi pang'ono kuzindikirako kumayamba kufika msanga: poyamba mawa lake, kenako patatha ola, kenako mawu ali pakamwa.

Chitaninso chimodzimodzi ndi zokoma, chifukwa nazo zimakoka. Malipiro angolowa, kapena mwapambana kangachepe pa kubetcha mpira, ndipo mtima ukuti onjezera. Tchulani "chokoma", kenako "kufuna", n'kuona mmene kufunako kukumvekera m'thupi musanatsegule Airtel Money kapena Mpamba.

11. Yezani mawu musanawatulutse. M'chiphunzitso cha Buddha mawu abwino ali ndi zizindikiro zisanu: anenedwe pa nthawi yake, akhale oona, anenedwe mofatsa, akhale othandiza, ndipo achokere mumtima wofunira wina zabwino. Simungayeze chiganizo chilichonse, mungasanduke munthu wotopetsa kucheza naye. Sankhani malo amodzi amene lilime lanu limaterera, kaya ndi pa tiyi kuntchito pamene miseche imayamba, kaya ndi madzulo pamene ana akusokosa inu mutatopa. Pamenepo pokha dzifunseni mafunso awiri: n'zoona? Ndi nthawi yake?

Ineyo ndimaona kuti amene amadumpha mfundo iyi amangopeza njira yopumulira, osati zimene Buddha ankaphunzitsa. Kwa iye kukhala tcheru kunkayendera limodzi ndi kusanama, kusaba ndi kusavulaza ena. Munthu amene amakhala mphindi 20 m'mawa n'kukanamiza kasitomala masana adzapeza bodza lija likumudikira pamkeka mawa lake.

12. Tsekani tsiku pabedi. Mutagona chagada, yendetsani chidwi kuchoka ku zala za kumapazi kukwera mpaka kumutu, chiwalo chilichonse mpweya umodzi kapena iwiri. Apa mukagona tulo palibe vuto. Ngati tsikulo linali la mikangano, onjezerani zimene Abuda amazitcha metta: nenani chamumtima mawu ofunira zabwino, monga "ndikhale pa mtendere, ndikhale wathanzi". Yambani ndi inu mwini, kenako munthu amene mumamukonda, kenako amene simumudziwa bwino, monga mayi wogulitsa nthochi pangodya, ndipo pomaliza amene mwayambana naye. Musayambire pa mdani wamkulu. Yambani ndi amene anangokukwiyitsani pang'ono.

## Alendo asanu amene adzabwera

Mabuku a Chibuda amatchula zopinga zisanu, ndipo kuzidziwa maina kumathandiza kuti musaziyese vuto lanu nokha. Chilakolako chimabwera ngati kulota tiyi wa mkaka ndi mandasi alamu isanalire. Chidani chimabwera ndi nkhope ya munthu. Ulesi ndi tulo ndiye mlendo wa m'nyengo yozizira: mukayamba kusinza tsegulani maso, wongolani msana, chotsani bulangete kumutu, kapena imirirani n'kupitiriza chiimirire. Kusakhazikika ndi nkhawa kumafuna kuti muyang'ane wotchi mphindi iliyonse. Pamenepo bwererani ku kuwerenga, kapena yendani pang'onopang'ono m'chipinda m'malo mokhala. Chomaliza ndi kukayika, ndipo ndicho chimachotsa anthu ambiri, chifukwa chimalankhula ngati nzeru: "Kodi zimenezi zikugwira ntchito? Si bwino ndikanachapa?" Chitchuleni dzina, "kukayika", n'kumaliza mphindi zanu. Zoti mupitirize kapena ayi mudzaganize masana, osati muli pamkeka.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuyamba ndi nthawi yaitali. Maphunziro amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku University of Massachusetts ku America, amene anapangitsa kuti njirayi ilowe m'zipatala za kunja, amatenga masabata 8 ndipo ophunzira amapemphedwa mphindi pafupifupi 45 patsiku. Maphunziro a S. N. Goenka, mphunzitsi wa ku India, amatenga masiku 10 munthu ali chete. Koma kumeneko kuli mphunzitsi ndi gulu. Inu muli nokha, ndi ana ofuna phala. Mphindi 5 za tsiku lililonse zimaposa ola limodzi la Lamlungu lokha.

Kuyeza tsiku ndi mtendere umene mwamva. Tsiku lina mudzamva kupepuka, tsiku lina mutu udzakhala ngati msika. Onsewo ndi masiku abwino ngati munabwerera. Amene amasaka kukoma kwa dzulo amakhala akulimbana ndi lero. Ngati mukufuna poyezera, funsani a m'nyumba mwanu pakatha miyezi iwiri ngati mukupsa mtima msanga monga kale.

Kusiya chifukwa mwadumpha masiku. Maliro, odwala, ulendo wa kumudzi, zimachitika. Mukabwerako yambiraninso pa mphindi 5, musadzilipiritse ngongole ya masiku amene munaphonya.

Kuzisandutsa pothawira. Mkazi kapena mwamuna wanu akufuna mukambirane za ndalama, inu mwatseka chitseko kuti mukupuma. Kumeneko ndi kuzemba. Chimodzimodzi kukhala chete pamene mukuchitidwa nkhanza m'banja n'kumati mukuphunzira kupirira. Nkhanza zimafuna ankhoswe, apolisi kapena a zachitetezo cha anthu, osati kuwerenga mpweya.

Kulalikira. Sabata yachiwiri munthu amayamba kuuza aliyense kuntchito kuti "pumani kaye". Palibe mawu amene amakwiyitsa munthu wokwiya kuposa amenewo.

Kusiya mankhwala kapena kuchedwa kupita kuchipatala. Njirayi siichotsa BP, shuga, khunyu kapena matenda a maganizo, ndipo si chifukwa chosiyira ma ARV kapena mankhwala ena alionse amene dokotala anakupatsani. Komanso kwa anthu ena, makamaka amene anadutsa m'zoopsa monga kugwiriridwa, ngozi kapena imfa yadzidzidzi ya wachibale, kukhala chete maso ali otseka kumadzutsa zithunzi ndi mantha. Zikatero tsegulani maso, pondani pansi, tchulani zinthu zisanu zimene mukuziona m'chipindamo, ndipo siyani kaye zokhala pansi. Gwiritsani ntchito mfundo 7 ndi 8 zokha za m'malangizo ali pamwambawa. Ngati mantha, kusowa tulo kapena chisoni chapitirira masabata awiri, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, musadikire. Kuno ku Mzuzu a St John of God amathandiza pa za umoyo wa maganizo, ndipo muthanso kuyambira ku Mzuzu Central Hospital kapena kuchipatala chaching'ono cha m'dera lanu kuti akutumizeni koyenera. Pitani ndi wachibale kapena mnzanu amene mumamukhulupirira.